Satifiketi ya miyezi inayi ku Scotland: ndigulitse poloti kapena ndidikire?

Nasibeko_Choko
Abale ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndine mphunzitsi wa History pa sekondale ina ya boma kuno ku Ntcheu, chaka chino ndi cha 11 ndikugwira choko. Digiri yanga ndinatenga ku Chanco. Mwezi watha ndalandira kalata yochokera ku yunivesite ina ya ku Scotland kuti andipatsa malo oti ndikachite Postgraduate Certificate ya kasamalidwe ka zinthu zakale ndi za chikhalidwe, zija za m'ma museum. Ndi ya miyezi inayi yokha, September mpaka December. Sikolashipu palibe, fizi, ndege, lendi, zonse n'zapathumba panga.

Ndili ndi poloti ku Area 49 yomwe ndinagula ndi ngongole ya ku SACCO, ndinamaliza kubweza chaka chatha, ndipo pali munthu amene akuifuna. Bambo a kunyumba akuti ndikatero ndiye kuti ndagulitsa dothi n'kugula pepala. Achimwene anga a ku Joni akuti pita, anzako akulilira mwayi umenewu. Ine ndikufuna kumva kwa amene munachitapo timaphunziro tatifupi timeneti kunja. Kodi pepala lake limagwira ntchito kuno kumudzi? Kapena ndi chikomekome cha mkuyu?

Tsabola_wa_Kambuzi
Miyezi inayi? Kumeneko n'kukaona sinowo basi. Poloti isiyeni.

Mlonda_wa_Mabuku
Achemwali, choyamba tidziwe chimene akukugulitsanicho. Ku Britain maphunziro a pamwamba pa digiri yoyamba amawawerengera m'ma credit. Masters yathunthu ndi ma credit 180. Postgraduate Diploma ndi 120. Satifiketi yanuyo ndi 60. Ndiye kuti mukupatsidwa gawo limodzi mwa magawo atatu a masters, nthawi zambiri temu yoyamba yokha. Mukhala m'kalasi imodzi ndi a masters, aphunzitsi omwewo, ma essay omwewo, kungoti inu mutsika basi pa siteji yoyamba anzanu akupitirira. Ma credit 60 omalizira a masters ndi a kafukufuku, dissertation ija, ndipo mu History kapena maphunziro ena onse a mtundu umenewu, ndi pamenepo pomwe munthu amaphunzira kugwira ntchito payekha: kusankha funso, kusaka zikalata, kulemba mawu zikwi khumi ndi kupitirira osasochera. Gawo limenelo inu simukaligwirako.

Sindikunena kuti ndi yachabe. Amati credit imodzi ndi maola pafupifupi 10 a ntchito, ndiye 60 ndi maola 600 owerenga ndi kulemba. Si masewera. Koma musanachite chilichonse alembereni muwafunse zinthu ziwiri. Kodi ma credit amenewa adzawawerengera mukadzafuna kumaliza masters pa sukulu yomweyo? Nanga ayenera kugwiritsidwa ntchito pasanathe zaka zingati? Sukulu iliyonse ili ndi lamulo lake. Yankho likhale lolembedwa, osati lapakamwa.

Nasibeko_Choko
Zikomo a Mlonda. Ndiye kuti ndikabwera nayo sindinganene kuti ndili ndi masters?

Tsabola_wa_Kambuzi
Munganene, koma kwa apongozi okha.

WaKuRandburg
Inu mukuwabweza m'mbuyo mayiwa. Nkhani si pepala, nkhani ndi kulowa. Mukangoponda kumeneko zitseko zimatseguka zokha. Mugwira ganyu yosamalira okalamba, fizi ibwerera, mukamaliza mutenga viza ija ya pambuyo pa maphunziro, kenako muitanitsa bambo ndi ana. Poloti mudzagula zitatu. Ife tinabwera kuno ndi chikwama chimodzi.

Gogo_wa_ku_Leith
Mwana wanga wa ku Randburg, ndikupempheni musamalangize anthu za dziko limene simunalowemo. Ndakhala ku Edinburgh zaka zoposa 20 ndipo ndaona misozi ya anthu amene anabwera ndi nzeru ngati zimenezi.

Mayi Nasibeko, mvetserani. Kosi yosapitirira miyezi 6 munthu akhoza kuchita ndi viza ya mlendo, Standard Visitor. Ndi yotchipa komanso yosavuta kwambiri, koma pa viza imeneyo simuloledwa kugwira ntchito ngakhale ola limodzi, ndipo simungaisinthe muli konkuno kuti ikhale ya mtundu wina. Njira ina ndi Student visa. Imeneyo imafuna kuti sukulu ikupatseni nambala yotchedwa CAS, ndipo muonetse kuti ndalama ya fizi ndi yodyera yakhala mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika. Pa viza imeneyo mukhoza kugwira ntchito maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu. Tsono werengerani nokha: maola 20 pa sabata kwa miyezi inayi, muchotsepo masabata ofunafuna ntchitoyo. Ikwana lendi ndi basi, mwina. Fizi ayi.

Viza ya pambuyo pa maphunziro ija, Graduate visa, imaperekedwa kwa amene wamaliza digiri, masters kapena PhD, ndi maphunziro ena ochepa osankhika monga PGCE ya uphunzitsi. Satifiketi ya za museum mulibemo. Za kuitanitsa banja, kuyambira January 2024 ophunzira a masters yophunzitsidwa m'kalasi saloledwa kubwera ndi mabanja awo, kupatula amene akulipiriridwa ndi boma pa maphunziro aatali ndi amene akuchita digiri ya kafukufuku. Ngati a masters akukanizidwa, kuli bwanji a satifiketi?

WaKuRandburg
Agogo malamulo ndi malamulo, koma anthu akukhala.

Gogo_wa_ku_Leith
Akukhala, inde. Akuthawa akaona galimoto ya apolisi, maliro a mayi awo akuonera pa foni. Mphunzitsi wa boma wa zaka 11 pantchito, wa penshoni yake, mukufuna akakhale moyo umenewo?

Injiniya_Weniweni
Ine funso langa ndi lina. Dziko likusowa mankhwala, mafuta, feteleza, munthu n'kugulitsa malo kukaphunzira kupukuta fumbi pa miphika yakale? Bwenzi ikanakhala data science kapena public health ndikanamvetsa. Ma arts awa ndi a anthu okhuta.

Namkungwi_22
Bambo Injiniya, Chongoni, kuja kuli zojambula zakale za pamiyala ku Dedza, inalowa pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Mukuganiza kuti zikalata zake analemba ndani, makaniko? Gule Wamkulu ndi Vimbuza zinalengezedwa mu 2005. Panafunika anthu odziwa kufunsa akuluakulu, kulemba, kujambula, kumasulira, ndi kudziwa chimene chiyenera kunenedwa ndi chimene chiyenera kutsala kudambwe. Tikapanda kukhala nawo anthu otero, amabwera a kunja kudzatilembera mbiri yathu, kenako ife timagula mabuku awo ndi madola. Alendo amene amapita ku Mua kukaona Kungoni amasiya ndalama, ndipo ndi forex yomweyo mukuilirayo.

Injiniya_Weniweni
Ntchito zake zilipo zingati? Ma museum m'Malawi muno mukhoza kuwawerenga ndi zala. Chichiri, Karonga, Mzuzu, Mangochi. Akapuma pantchito mmodzi ndiye kuti mpata watseguka umodzi.

Namkungwi_22
Pamenepo pokha ndikuvomerezani. Mipata ndi yochepa. Koma mayiwa sanati akufuna kusiya kuphunzitsa.

Tsabola_wa_Kambuzi
Injiniya weniweni, mlatho wa kwathu unakokoloka kawiri. Miphika ya makolo ikadalipo.

Chiswe_Sichigona
Ndiloleni ndiikire kumbuyo timakosi tatifupi, chifukwa ndikuona ngati tikutinyoza mopitirira. Ine ndimagwira ntchito yosunga zikalata ndi zithunzi zakale pa bungwe lina la mpingo. Zaka zingapo zapitazo ndinapita ku Ulaya miyezi itatu kukaphunzira kasamalidwe ka mapepala. Ndisanapite ndinkaganiza kuti ntchito yanga ndi kutseka kabati ndi kiyi. Kumeneko ndinaphunzira kuti mdani wamkulu wa pepala ndi chinyezi ndi kusinthasintha kwa kutentha, kuti ma staple ndi timawaya togwirira mapepala timachita dzimbiri n'kudya chikalata, kuti selotepi imene tinkamatira makalata ong'ambika ndi poizoni, kuti bokosi lisakhudze khoma kapena pansi chifukwa cha chiswe. Ndinaphunzira kulemba ndandanda yoti munthu wina adzapeze chinthu ine nditamwalira. Nditabwerako ndinatha chaka chathunthu ndikuchotsa ma staple m'mabuku a ubatizo a m'ma 1930. Miyezi itatu imeneyo inasintha kagwiridwe kanga ka ntchito kuposa zaka zinayi za digiri.

Koma tamverani mbali inayi. Analipira ndi ena, ine sindinatulutse ngakhale tambala. Ndipo ndinali kale ndi chipinda chodzaza mapepala chondidikirira. Kosi yaifupi imanola mpeni umene uli kale m'manja mwako. Malipiro anga sanakwere, giredi yanga ndi yomwe ija. Satifiketiyo ili mu fulemu pakhoma, amaiona ndi akangaude.

Mayi_a_Mapasa
Nasibeko, kalatayo inabwera kuchokera ku sukulu yeniyeniyo kapena kudzera mwa agent? Ndikufunsa chifukwa ine ndinapsa. Mnyamata wina wa ofesi yooneka bwino mu Lilongwe anandiuza kuti wandipezera malo a dipuloma ya miyezi 9 ya zomasulira zilankhulo. Kalata inabwera ya chidindo chokongola. Ndinapereka ya "processing", kenako ya "deposit", zonse mu akaunti yake chifukwa ankati kubanki forex kulibe, iye ali ndi njira yake. Tsiku lina ndinangoganiza zolembera sukuluyo ndekha. Anandiyankha mwaulemu kuti dzina langa sakulidziwa ndipo kosi imeneyo anasiya kuphunzitsa kalekale. Ofesi ija nditapitako ndinapeza akugulitsamo makatani.

Nasibeko_Choko
Pepani kwambiri mayi. Ine ndinafunsira ndekha pa webusaiti ya sukuluyo, ndipo imelo ikuchokera ku adiresi yothera ndi ac.uk. Mbali imeneyo ndilibe nkhawa. Nkhawa ndi forex yomweyo. Kubanki andiuza kuti ndisiye invoice ndidikire.

Mayi_a_Mapasa
Ndiye samalani ndi masamu anu. Amene anagulitsa katundu mu October 2023 kuti alipire fizi anadzuka mu November kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Poloti mugulitsa pa makwacha, fizi mulipira pa mapaundi, ndipo pakati pa masiku awiriwo simudziwa chimene chidzachitike. Komanso ndalama ija iyenera kugona mu akaunti masiku 28 monga anenera agogo. Ikagwa kwacha mkati mwa masiku amenewo, ndalama imene inali yokwana imapezeka yaperewera.

Kondowole_FC
Funso lofunika palibe walifunsa. Ufa ukupezeka kumeneko?

Gogo_wa_ku_Leith
Ukupezeka m'mashopu a anthu a ku Africa ndi amwenye, wambiri ndi wochokera ku South Africa. Nsima yake imagwira koma siifika pa ufa woyera wa kumtondo. Chimene chimasowa ndi ndiwo. Nkhwani ndimadzala ndekha m'chilimwe, bonongwe ndinalephera.

Kondowole_FC
Usipa ungadutse pa bwalo la ndege?

Tsabola_wa_Kambuzi
Usipa umadutsa, fungo lake ndi limene limatsala m'chikwama mpaka pa graduation.

Gogo_wa_ku_Leith
Zoseka pambali, miyezi imene mayiwa akufuna kubwera ndi yoipitsitsa kwa mlendo. Mu December kuno dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko masana. Munthu amatha mwezi woyamba akuphunzira kukwera basi, kumva Chingerezi cha ku Scotland, ndi kusaka chipinda, ndipo eni nyumba ambiri safuna munthu wa miyezi inayi. Pofika nthawi yoti wazolowera, ma essay afika, kenako ndege. A masters amakhala ndi nyengo ya dzuwa yoti apumeko ndi kupanga anzawo. A satifiketi amangodziwa mdima.

Wapampando
Abale tabwererani ku funso la mayiwa, za usipa mukatsegule ulusi wina.

Wa_Makhanda
Chimene chikundidabwitsa n'chakuti tonse maso ali ku Britain ngati kuti kulibe kwina. Achemwali, yang'anani kuno ku South Africa. Kuli Honours ndi Postgraduate Diploma, zonse za chaka chimodzi, pa level 8 ya dongosolo lawo, masters ili pa 9. Ku University of the Western Cape anayambitsa dipuloma ya za ma museum ndi chikhalidwe mogwirizana ndi Robben Island Museum, ndipo yaphunzitsa anthu ochokera m'maiko ambiri a mu Africa. Kumeneko mukakambirana mafunso athu enieni: mafupa a makolo amene anatengedwa nthawi ya atsamunda abwezedwe bwanji, mbiri ya ndende muifotokoza bwanji pamene omangidwawo akadali moyo. Ife tili ndi Mikuyu, funso limenelo ndi lathunso.

Chifukwa cha mgwirizano wa SADC pa zamaphunziro, m'mayunivesite ambiri a boma kuno Mmalawi amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, kungowonjezerapo kandalama ka ophunzira akunja. Muyenera kutumiza mapepala anu ku SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro kuno, kuti awaunike, ndipo chitani msanga chifukwa zimatenga nthawi. Chaka cha sukulu chimayamba February. Mukhoza kubwera pa basi.

Ine ndili ku yunivesite ya Rhodes. Pano pali International Library of African Music yomwe anayambitsa Hugh Tracey mu 1954. Muli nyimbo zimene anajambula ku Nyasaland m'ma 1950, bangwe, zeze, nyimbo za pamtondo. Tsiku loyamba kumva amayi a kwathu akusinja m'mahedifoni, ndinatuluka panja kaye.

WaKuRandburg
Kuno ndiye mukuwaitanira ku ma xenophobia.

Wa_Makhanda
Achimwene, inu ndi amene mumati munabwera ndi chikwama chimodzi zitseko n'kutseguka zokha?

Tsabola_wa_Kambuzi
Zinatseguka zotulukira.

Mlonda_wa_Mabuku
Ndiwonjezere za ndalama. Vuto lalikulu la satifiketi ndi lakuti opereka sikolashipu ambiri sayiwerengera. Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, imalipira masters ya chaka chimodzi, imafuna kuti munthu akhale atagwira ntchito zaka zosachepera ziwiri, ndipo mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri. Amatsegula cha mu August. Commonwealth ili ndi ya masters komanso ina yophunzira pa intaneti muli kwanu. Beit Trust imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, ndiye mpikisano wake si wa dziko lonse lapansi. Canon Collins imalipirira anthu a kuno kumwera kwa Africa, makamaka okaphunzira ku South Africa. Boma la Ireland nalo lili ndi pulogalamu ya masters ya chaka chimodzi yomwe Amalawi amapita. Zina mwa izi zimakondera maphunziro a chitukuko, zoona, koma mphunzitsi amene angafotokoze bwino mmene History imaphunzitsidwira m'sekondale zathu ndi chimene akufuna kusintha ali ndi nkhani yogwira mtima kuposa ambiri.

Ndiye taonani kupusa kwake kwa masamu: chinthu chaching'ono mulipira nokha ndi poloti, chinthu chachikulu akhoza kukulipirirani ena.

Nasibeko_Choko
A Mlonda, Chevening ndinayesa kawiri. Koyamba sanandiyankhe n'komwe zabwino, kachiwiri ndinafika pa intaviyu n'kugwa. Ndili ndi zaka 38. Chaka chilichonse ndimati chaka chamawa. N'chifukwa chake kalata iyi itabwera ndinalira, chifukwa kwa nthawi yoyamba wina anati bwera.

Ndikuuzeni zoona zake. Chaka chilichonse ndimaphunzitsa za Inkosi Gomani woyamba, mmene anaphedwera ndi atsamunda mu 1896. Ana amene ndimawaphunzitsa ena ndi a m'midzi yomweyo, agogo awo ali ndi nkhani zawo za tsiku limenelo. Koma m'buku muli ndime imodzi. Ine ndimafuna nditaona ndi maso anga zimene azunguwo analemba, makalata a amishoni, malipoti a asilikali, ndiziike pambali pa zimene akuluakulu a kuno amanena. Za museum ndinasankha chifukwa ndi kosi imene inali yaifupi. Chimene ndikufuna ndi mapepalawo.

Chiswe_Sichigona
Aaa, mayi, bwenzi mutayamba ndi pamenepa! Ndiye kuti kosi imeneyi si yanu. Akakuphunzitsani kukonza chionetsero, kulemba timawu ta pansi pa chinthu, malamulo a UNESCO, kuwerengera alendo. Nthawi yokhala m'chipinda chowerengera zikalata simukaipeza, mukakhala mukuthamangitsana ndi ma essay a zinthu zina.

Ndipo mapepala mukuwafunawo sali malo amodzi. Ku National Archives ku Zomba zinthu za boma za zaka zoyambirira n'zochepa chifukwa maofesi a Secretariat anapsa mu 1919. N'chifukwa chake ofufuza za nthawi imeneyo amapita kunja. Makalata a boma ali ku National Archives ya ku Kew, ku London, m'gulu la mafayilo lotchedwa CO 525. A mishoni za Scotland ambiri ali ku National Library of Scotland ku Edinburgh. Koma yambani ndi Zomba ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, mudzadabwa ndi zimene zilipo.

Mlonda_wa_Mabuku
Kukonza pang'ono a Chiswe. CO 525 ikuyambira 1904. Chisanafike chaka chimenecho dziko lino, lomwe linkatchedwa British Central Africa, linali pansi pa Foreign Office, ofesi ya boma la Britain yoona za maiko akunja, ndiye za 1896 zili m'mafayilo a ofesi imeneyo, ku Kew komweko. Ndipo achemwali dziwani kuti Ntcheu ndi dera limene a Dutch Reformed anagwirako ntchito kwambiri, ndiye mapepala ena ali ku South Africa, ena ku Nkhoma.

Chiswe_Sichigona
Mwandigwira, zikomo. Ukalamba.

Gogo_wa_ku_Leith
Ndipo kuti mulowe ku National Library of Scotland kapena ku Kew simufunika kukhala wophunzira wa yunivesite iliyonse. Mumalembetsa, amakupatsani khadi laulere, mumaitanitsa bokosi, amakubweretserani. Ku Kew amalola kujambula mapepala ndi foni. Munthu wokonzekera bwino, amene wayang'ana kale ndandanda yawo pa intaneti n'kulemba manambala a mafayilo, akhoza kujambula zambiri m'masabata atatu n'kukawerenga ali ku Ntcheu. Pa holide ya August, osaphonya ngakhale piriyodi imodzi. Mukafika ku Edinburgh chipinda ndili nacho, muzidzangotsuka mbale.

Injiniya_Weniweni
Ndiye mwaona? Ngakhale a ma arts anzanu akuti musapite.

Namkungwi_22
Sanati asapite, ati asalipire fizi ya chinthu chimene sakuchifuna. Muziwerenga mpaka pansi bambo.

HR_Wotopa
Ndalowa mochedwa koma ndinenepo za kuntchito, poti palibe wazikhudza. September mpaka December ndi temu yoyamba yathunthu. Ngati muli ndi Form 4, ahedi anu sakasangalala. Tchuthi cha maphunziro m'boma sichingotengedwa, chimafuna chilolezo cholembedwa kudutsa ku division mpaka ku unduna, ndipo mukanyamuka chisanatuluke amakuwerengerani ngati mwathawa ntchito. Ndawaonapo anthu akubwera ndi pepala lakunja n'kupeza dzina lachotsedwa pa payroll. Chachiwiri, pepala lililonse lakunja mukalipititse ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, akaliunike kuti likufanana ndi chiyani kuno. Satifiketi ya ma credit 60 sadzailemba kuti masters. Mukafuna kukaphunzitsa ku koleji kapena ku yunivesite, zotsatsa ntchito zimanena poyera kuti masters, ndipo amene amasankha mapepala amangoyang'ana mawu amenewo. Pa intaviyu yokwezedwa ikhoza kukuthandizani kuoneka wakhama, koma payokha sikusunthani giredi.

Dada_wa_ku_Mzimba
Ine nditsutsane nanu nonse pang'ono. Ndinachita satifiketi ngati imeneyi, koma pa intaneti, ndili ku Mzuzu, ndikugwira ntchito. Ndinkalipira module imodzi imodzi. Zinali zowawa, magetsi akathima ndinkakalemba pa filling station pomwe pali jenereta, bandulo inkatha pakati pa semina. Koma nditafunsiranso sikolashipu ya masters, ndinali ndi magiredi atsopano ochokera ku yunivesite ya ku Britain ndi kalata ya mphunzitsi wa kumeneko wondidziwa. Digiri yanga yoyamba inali yofooka, ndipo ndikukhulupirira kuti satifiketiyo ndi imene inandikwezera. Ndiye musati ilibe ntchito. Kwa munthu amene magiredi ake akale akumutsekereza, ndi makwerero. Pa za museum, yunivesite ya Leicester ku England ndi yodziwika kwambiri ndipo amaphunzitsanso anthu ali kwawo. Palibe viza, palibe lendi, palibe ndege.

Mlonda_wa_Mabuku
Apa a Dada anena zoona, ndipo ndi njira yokhayo imene ndingavomereze kuti munthu alipire yekha. Koma a Nasibeko anafika pa intaviyu ya Chevening. Ndiye kuti mapepala awo alibe vuto. Chimene chinawagwetsa mwina ndi kafotokozedwe. Achemwali, pa intaviyupo munawauza za Gomani ndi ana a m'kalasi mwanu monga mwatiuzira ifemu?

Nasibeko_Choko
Ayi. Ndinalankhula za "leadership" ndi "sustainable development" monga anandiuzira mnzanga wina. Ndinkaona ngati za Gomani n'zakumudzi.

Tsabola_wa_Kambuzi
Mayi inu. Anthu 50 analowa m'chipinda chimenecho ndi sustainable development yomweyo.

Namkungwi_22
Ndipo musanapite kulikonse, tengani foni mukajambule akuluakuluwo. Mapepala a ku Kew adzakhalapo zaka 100 zikubwerazi, agogo a ana anuwo ayi. Pemphani chilolezo kwa mafumu, fotokozani chimene mudzachite ndi mawuwo, lembani dzina, mudzi ndi tsiku pa chojambula chilichonse. Mukadzafunsira masters muli ndi maola 20 a nkhani zojambulidwa kale, ndinu munthu wina. Ndipo ku Chanco komweko kuli masters ya History, musaiwale.

WaKuRandburg
Ine ndanena zanga. Chaka chamawa mudzakhala mukufunsanso funso lomweli.

Gogo_wa_ku_Leith
Mwina. Koma adzakhala akufunsa ali ndi poloti.

Nasibeko_Choko
Ndabweranso abale. Ndinawalembera a sukulu aja mafunso a Mlonda. Ayankha kuti ma credit akhoza kuwerengeredwa pa masters yawo ya za museum yokha, osati ya History, ndipo avomera kundisungira malo mpaka chaka chamawa ngati ndingafune. Ndawauza asunge. Wogula poloti ndamuuza kuti ayambe wadikira, wakwiya. Bambo a kunyumba akuyenda monyada ngati anapambana ndi iwo, sindinawauze kuti ndikuwerengera mtengo wa tikiti ya August.

Loweruka ndikupita kukaonana ndi agogo ena amene mwana wa Form 3 anandiuza kuti amadziwa nyimbo ya tsiku limene Inkosi inagwidwa. A Namkungwi, ndijambule ndi foni yomweyi kapena ndibwereke rekoda? A Mlonda, ndikakonza ma essay a sikolashipu ndingakutumizireni kumbali?

Mlonda_wa_Mabuku
Tumizani. Koma ndimadula kwambiri, musadzakwiye.

Namkungwi_22
Foni ikwana. Ikani pa flight mode, muiike pa nsalu osati pa tebulo, ndipo khalani kutali ndi nkhuku.

Kondowole_FC
Poloti ija ili mbali iti ya 49? Ndikufunsira mnzanga.